Loji ya m'nkhalango yamvula m'mbali mwa mtsinje: wa ku Lilongwe wokhala ndi masiku atatu alowere kuti?

Alamu anga anatulukira kwathu ku Area 25 Lamulungu lina masana, foni ili kale m'manja tisanalonjerane n'komwe. "Alamu, inu mumayendayenda. Malo ngati awa ali kuti? Achemwali anuwa takhala nawo zaka 10 tsopano, ndikufuna ndikawapumitseko kwina, osati kunyanja komwe timapita chaka ndi chaka." Pafonipo panali kanyumba ka matabwa kokhala pamizati, khonde lake litayang'ana mtsinje wa madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, bwato litamangiriridwa pamakwerero, kumbuyoko mitengo yothithikana yosaonetsa thambo. M'munsi analembamo kuti masiku atatu, kugona kuwiri, chakudya ndi gaidi zili momwemo.

Ndinawafunsa zomwe ali nazo. Anati Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, ka Sienta kawo kaja, ndi ndalama yomwe anagawana kubanki m'khonde. Chithunzicho chinali cha ku Brazil, kufupi ndi mzinda wa Manaus.

Chithunzi chotere chimagulitsa zinthu zitatu pamtolo umodzi: nkhalango yamvula, mtsinje woyendamo bwato, ndi munthu wodziwa tchire wokutsogolera. Kuno kwathu zitatuzi zilipo, koma zinabalalika. Nkhalango yamvula imafuna chinyezi chaka chonse, pomwe ife timatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi osaona dontho. N'chifukwa chake tchire lathu lambiri ndi la mombo, tsamba ndi masuku, loyoyola masamba ndi kupsa chilimwe chilichonse. Nkhalango yosayoyola inatsalira pamapiri okola mitambo, monga Ntchisi, Chipata, Zomba, Mulanje ndi Misuku, kuphatikizapo kachigawo ka Mkuwazi ku Nkhata Bay komwe mvula imagwa yambiri. Tsono pamwamba pa phiri mtsinje umakhala udakali khanda, kamfuleni kongolumpha. Ukamadzakula mpaka kunyamula bwato, umakhala utatsikira kale kuchigwa kotentha, kwa milambe ndi tsanya. Wa ku Lilongwe ayenera kudziwa chomwe mtima wake ukufuna kwambiri pa zitatuzi, chifukwa china achisiya basi.

Tiyambe ndi kwa chithunziko kuti mtima ukhale m'malo. Madzi akudawo ndi a Rio Negro, ndipo amada chifukwa cha masamba owolerana a m'nkhalango. Pa Manaus amakumana ndi madzi amatope a Solimões n'kuyendera limodzi makilomita pafupifupi 6 osasakanikirana. Mtsinjewo umakwera ndi kutsika ndi mamita ngati 10 pachaka, moti cha mu Juni bwato limadutsa pakati pa nthambi za mitengo yomwe mu Okutobala mumaizungulira wapansi. Ku Peru maloji otere ali cha ku Iquitos ndi Puerto Maldonado, ku Borneo ali m'mbali mwa Kinabatangan. Kumeneko zitatu zija zilidi pamodzi. Koma kuchoka pabwalo la ndege la Kamuzu mukasinthe ndege ku Addis Ababa kapena Johannesburg, muwoloke Atlantic mpaka São Paulo, mukwerenso ina ya maola ngati anayi kukafika ku Manaus, kenako galimoto ndi boti. Ulendo wopita wokha wadya masiku awiri mwa atatu a alamu anga. Onjezanipo mapepala a ulendo, katemera wa yellow fever, ndi madola, omwe aliyense woyesapo kuwafuna zaka zino akudziwa thukuta lake. Amazon ndi ya munthu amene wapita kale kutsidyako pa zasukulu kapena msonkhano, loji n'kungokhala yotsitsira.

Chapakati pali Nyungwe ku Rwanda, nkhalango yamvula ya masikweya kilomita pafupifupi 1,000, yokhala ndi achimpanzi ndi mlatho wa zingwe wotalika mamita 160 wolendewera pamwamba pa mitengo. Nzika za maiko a African Union zimapatsidwa viza pofika. Komabe kuchoka ku Kigali ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi pamsewu, ndipo ndi nkhalango ya m'mapiri, bwato mulibe. Imafuna sabata ya tchuthi, osati mapeto a sabata.

Tisanalowe m'zakwathu, tiwerengere bwino "masiku atatu, kugona kuwiri" aja, chifukwa ambiri timapusitsika pomwepa. Lachisanu mumafika madzulo mutatopa. Lamulungu mumatuluka m'chipinda isanakwane 11 koloko. Tsiku lathunthu ndi Loweruka lokha. Ola lililonse lowonjezera pamsewu likudya kayendedwe ka madzulo a Lachisanu kapena ka m'mawa wa Lamulungu, ndipo nthawi ziwiri zimenezi, dzuwa likupendeka ndi pomwe likutuluka, ndi zomwe tchire limadzuka. Masana nkhalango imangokhala zii. Choncho kutalika kwa msewu si nkhani ya mafuta okha ayi.

Pa muyeso umenewu Ntchisi ilibe mnzake. Mumatsata M1 kudutsa Lumbadzi mpaka Mponela, n'kukhotera kumanja kulowera ku boma la Ntchisi, kenako msewu wafumbi wokwera kuphiri. Mukanyamuka 12 koloko masana, tiyi wa 4 koloko mukamwera komweko. M'chilimwe Sienta imafika mukamayenda mofatsa. Mu Januwale ndi Febuluwale katondo wa kumeneko saseka ndi galimoto yotsika, pezani yokwera kapena funsani eni loji mmene msewu ulili m'mawa womwewo. Ntchisi Forest Lodge ndi nyumba yakale yomwe inamangidwa mu 1914 ngati ya DC wachitsamunda, ya makoma ochindikala, ndipo kukayera bwino mumaona nyanja ili phee kum'mawa, mapiri a ku Mozambique ali kuseri kwake.

Chomwe sindiiwala ndi polowera. Mumayamba m'tchire wamba la mombo, dzuwa likuswa mtengo, udzu wouma ukukanda m'miyendo. Kenako, pa mapazi osakwana makumi awiri, kumada ngati mwalowa m'tchalitchi chakale. Thukuta la pamsana limazizira. Pansi pamakhala pofewa, fungo lake ngati la mtsuko wa madzi. Gaidi wathu, bambo wa m'mudzi wapafupi, anatiimika pa mkuyu wina waukulu wamphako n'kuti, "Lowani, achimwene, muyang'ane kumwamba." Ndinalowa wathunthu, n'kuona kuwala kutali uko ngati ndili pansi pa chitsime. Anafotokoza kuti mtengowo unayamba ngati kanjere kosiyidwa ndi mbalame pamphanda ya mtengo wina. Unatsitsa mizu mpaka pansi, mizuyo inakula n'kukulunga mwini malo, n'kumufinya zaka zambiri mpaka anafa n'kuwola. Mphako yomwe ndinaimamo ndi pomwe panali mtengo woyambawo. Ndikanakhala ndekha ndikanangoti mtengo waukulu, n'kujambula, n'kudutsa.

Anationetsanso anchima akudumpha m'mwamba, omwe sitikanawaona pakanapanda iye kumva nthambi ikuthyoka. Anatiuza zomwe akuluakulu amasimba, kuti Achewa a m'derali ankabisala m'nkhalangomu nthawi ya nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800. Ndipo anakuwa kamodzi kokha: "Linthumbu! Pondani msanga, musaime!" Mnzathu wina anaima kuti aone. Zomwe zinatsatira ndi gule wopanda ng'oma, thalauza lili m'manja. Kuyambira pamenepo ndimapisa thalauza m'sokosi ndikamalowa m'nkhalango, kaya ndioneke ngati wosokonekera.

Ntchisi ndi nkhalango yamvula yeniyeni, koma ndi yaing'ono, ndipo mtsinje mulibe. Muli timifuleni ndi timathithi. Njovu, mvuu, ng'ona, musayembekezere. Usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, tengani juzi yeniyeni. M'dzinja ndiye nkhalango imavala bwino, bowa ali mbwee, maluwa omera pamakungwa a mitengo atatuluka, koma ndi nthawi yomweyo msewu umavuta ndipo njira zimaterera. Ine ndimakonda Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya koma kudakali kobiriwira.

Wofuna mtsinje atsikire ku Bua. Ndi mtsinje womwe uja timawoloka pa M1 tikadutsa Madisi popita ku Kasungu, wooneka waulesi m'madambo. Umachokera ku Mchinji, ndipo ukalowa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota umasintha khalidwe, umayamba kuthamanga pamiyala, kupumira m'maiwe akuya, mitengo yobiriwira itaweramira m'mbali. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita 1,800. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozemba anazitha mpaka kutsala zosakwana 100. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mogwirizana ndi boma mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, zitagonekedwa ndi mankhwala n'kukwezedwa m'malole. Mumtsinjewu ndi momwenso mpasa umakwera kuchoka m'nyanja kudzaikira mazira pamiyala. Mitsinje yambiri yothira m'nyanja inadzaza matope chifukwa cholima m'mbali, mpasa n'kuithawa. Bua inapulumukako chifukwa chigawo chake chakumunsi chili m'nkhalango yotetezedwa.

Maloji odziwika m'mbali mwa mtsinjewu ndi Tongole Wilderness Lodge, ya anthu olemera m'thumba, ndi Bua River Lodge, ya matenti, yomwe ili chakufupi ndi msewu wa kunyanja. Njira ndi ziwiri: kudzera ku Salima n'kukwera M5, kapena kudzera M18 yochokera ku Kasungu, yomwe imaboola nkhalango yomweyo. Werengerani maola anayi kapena kuposa, ndipo m'dzinja funsani kaye za milatho ya pa M5. Mukakhala ndi mpata pa boma la Nkhotakota, pali mtengo womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo.

Mwa malo onse a kwathu, khonde la ku Bua ndi lomwe limayandikira chithunzi cha alamu anga. Mumagona mukumva madzi. Koma gaidi kuno si wokometsera ulendo ayi, ndi moyo wanu. Simuyenda wapansi popanda wa gemu wonyamula mfuti. Tinatuluka m'bandakucha, wa gemu patsogolo, gaidi pambuyo pake, ife pamzere ngati ana a sukulu. Anaima pa ndowe ya njovu, anaigumula ndi nsapato, nthunzi inatuluka. Kenako anatapa kafumbi n'kukasiya kagwe kuti aone komwe mphepo ikulowera, n'kutikhotetsera kumanzere osalankhula. Nditatulutsa foni anangondinong'oneza, "Bwana, imeneyo m'thumba kaye." Patapita mphindi zochepa tinamva nthambi zikuthyoka kutsidya la mtsinje, ndipo njovu zinatsikira kumadzi osadziwa kuti tilipo. Komwe amapereka bwato, nalonso ndi la gaidi, ndipo dzanja silipisidwa m'madzi. Ng'ona zilimo.

Cholakwa changa chinali jezi yabuluu ya Noma. Akashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, n'chifukwa chake misampha yawo yomwe mumaiona m'mbali mwa njira ndi nsalu za mitundu imeneyi. Ine ndinasanduka msampha woyenda. Amaluma ngati singano yamoto, kuboola ndi malaya omwe. Valani zotuwa kapena zakhaki, zamanja aatali. Ndipo izi si zoseka zokha: Nkhotakota ndi limodzi mwa madera omwe matenda a kaodzera amapezeka. Mukadzamva kutentha thupi mutabwerako, muwauze adokotala komwe munali, chifukwa poyamba amafanana ndi malungo.

Nanga nkhalango yamvula ku Nkhotakota? Ilipo pamwamba pa phiri la Chipata, koma ndi ulendo wa tsiku lonse wa anthu olimba miyendo. Tchire lomwe mudzaliona pakhonde ndi la mombo, lokongola kwambiri cha mu Seputembala masamba atsopano akamatuluka ofiira, koma si la pachithunzi chija.

Ngati mtima wanu uli pa boti penipeni, musadzivute, pitani ku Liwonde. Shire ndi mtsinje wathu wokhawo womwe mungakhale m'boti maola awiri, mvuu zikufwenthera mbali zonse, ng'ona zitayasama pamchenga, nkhwazi ikulira pamgwalangwa, njovu zikumwa pafupi moti mumamva madzi akulowa m'chitamba. Ku Mvuu mumakafika podzera ku Ulongwe n'kuwoloka mtsinje paboti, ndipo chakumwera, kufupi ndi tauni ya Liwonde, kuli malo ena otsikirapo mtengo. Mikango inabwezeretsedwamo mu 2018, zipembere ziliponso. Pa nyama, Liwonde imaposa Bua kutali, chifukwa kuchigwako maso amaona patali pomwe ku Nkhotakota nyama zimabisika m'mitengo. Koma ndi dziko la tsanya ndi milambe, mu Okutobala kumatentha ngati m'ng'anjo, udzudzu uli tcheru, ndipo ndi maola anayi kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka. Wonena kuti wakaona nkhalango yamvula ku Liwonde ndiye kuti anagona m'boti n'kulota.

Zomba ndi Mulanje ndimazikonda, koma kwa wa ku Lilongwe wa tsiku limodzi lathunthu ndi zakutali. Pa phiri la Zomba pali Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe, ndi anyamata ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe. Nkhalango yachilengedwe inatsalira m'mbali mwa mitsinje, kwina konse ndi paini wobzala. Ku Mulanje kuli Likhubula ndi Dziwe la Nkhalamba, madzi ozizira ngati a mufiriji, magaidi ndi onyamula katundu odziwa phiri lawo, ndi nkhalango yamvula ya m'chigwa cha Ruo kumtunda kwa minda ya tiyi. Ndi komwe madzi ndi nkhalango yosayoyola zimayandikana kwambiri m'dziko muno, ngakhale bwato silingayendemo. Koma ku Mulanje ndi makilomita oposa 350 kuchoka kuno. Mudzafika usiku, mudzanyamuka m'mamawa. Sungirani tchuthi chachitali, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba mverani gaidi, madzi amenewo anatengapo anthu.

Dzalanyama ili pakhomo pathu, ndi komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe timamwa kudzera m'madamu a ku Malingunde, ndipo akuluakulu amati Kaphirintiwa, potsikira anthu oyamba, ali m'mapiri omwewa. Kuli loji m'mbali mwa kamtsinje, okonda mbalame amachokera kutali kudzaziona. Ndi tchire la mombo, ndipo m'njira mumakumana ndi njinga za makala zomwe zikulimaliza. Kwa usiku umodzi wongothawa phokoso la m'tauni ndi yabwino.

Tsopano za gaidi, chifukwa pa ndalama yonse yomwe mulipire, imeneyi ndi yomwe imapindula kapena kulowa m'madzi. Pa loji ina, dzina tisatchule, anatiuza pafoni kuti gaidi ali momwemo. M'mawa anatipatsa mnyamata yemwe usiku wathawo ankatsuka mbale. Anali waulemu, njira ankaidziwa, koma mbalame iliyonse tikafunsa ankati, "Imeneyo ndi mbalame, bwana." Mtengo uliwonse unali "wachilengedwe". Tinayenda maola atatu n'kubwerako ndi matuza okha. Pochoka tinapezanso kuti kuyendako kunali ndi mtengo wake wapadera pa bilu.

Choncho musanatumize dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, funsani pa WhatsApp kuti yankho likhale lolembedwa. Mtengo womwe akutchulawo muli maulendo angati a gaidi, ndipo ndi a nthawi yanji? Gaidiyo ndi wa ntchito yomweyo kapena wongobwereka? Ndalama yolowera pageti la nkhalango ili momwemo kapena ndi yapadera? Nzika za dziko lino zimalipira yotsika pageti kusiyana ndi alendo akunja, ndipo maloji ambiri ali ndi mtengo wa anthu okhala m'dziko muno womwe sautchula mukapanda kufunsa, ndiye chiphaso cha unzika chisatsale. Mtengo ukakhala m'madola, gwirizanani tsiku lomwelo kuti m'makwacha ndi zingati. Funsani za chakudya, chifukwa kutchire kulibe kothawira, ndipo ngati muli ngati alamu anga omwe sagona osadya nsima, nenani msanga, akhitchini amakonza mosavuta. Okhala ndi ana afunse zaka zomwe amaloleza poyenda wapansi m'dera la njovu. Magetsi ambiri ndi a sola, netiweki ndi yosakasaka, thanki idzadze musanatuluke m'tauni. Ndipo sungani kenakake m'thumba ka gaidi payekha. Wa ku Ntchisi uja ndinamupatsa mosawinyawinya.

Alamu anga anafunsa ngati sangaphatikize, usiku umodzi ku Ntchisi wina ku Bua, popeza kudzera ku Malomo n'kulowa M18 malo awiriwa sanatalikirane. Pamapu n'zotheka, ndipo zikanawapatsa nkhalango ndi mtsinje paulendo umodzi. Ndinawaletsa. Loweruka lawo lokhalo likanathera kulongedza zikwama ndi kudumpha maenje. Zimenezo zimafuna masiku anayi kapena asanu, monga 6 Julayi ikagundana ndi mapeto a sabata. Ndinawauza kuti kwa Sienta, banki m'khonde ndi masiku atatu, apite ku Ntchisi akagone kawiri. Akanakhala ndi galimoto yokwera ndi thumba lonenepako ndikanati Bua. Achemwali akanakhala okonda nyama kuposa mitengo ndikanati Liwonde.

Anapita mu Meyi. Loweruka madzulo, atapeza pogwira netiweki, achemwali ananditumizira chithunzi ali m'mphako ya mkuyu uja, mutu uli chagada, alamu ali pambali thalauza lili m'sokosi. Pansi pake analemba kuti, "Achimwene, kuno n'kwabwino, koma bwato lomwe anandionetsa pafoni lija sindikuliona. Muwauze alamu anu kuti ngongole ikadalipo."